Mlandu suola, koma mboni zimafa: za 21 Juni ku Mississippi

Pa 21 Juni 2005, m'khothi la m'katauni ka Philadelphia m'chigawo cha Mississippi ku America (osati mzinda waukulu uja wa ku Pennsylvania), anthu 12 oweruza mlandu anapeza Edgar Ray Killen wolakwa pa imfa ya anyamata atatu omenyera ufulu wa anthu akuda. Killen anali ndi zaka 80, atakhala pa njinga ya olumala, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Anyamatawo, James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, anaphedwa pa 21 Juni 1964. Tsiku lomwelo, mwezi womwewo, patapita zaka 41 ndendende.

Kugwirizana kwa masikuku kumakoma kukamba. Munthu akaika zaka ziwirizi moyandikana, womvera amagwedeza mutu nkunena kuti eya, mlandu suola. Ine sindigwedeza nawo. Chigamulo cha 2005 chinali chabwino, ndipo ndifotokoza ubwino wake, koma kuchitcha chilungamo chimene chinangochedwa panjira ndi kukhululukira boma la Mississippi mlandu umene silinapepesepo m'khothi lililonse. Zaka 41 zija sizinangodutsa zokha. Panali anthu a maudindo amene ankadziwa mayina a akuphawo kuyambira chaka choyamba, nasankha kukhala pa mafayilo.

Juni kuno ndi wozizira, koma kumeneko ndiye chimake cha kutentha, ndipo chilimwe cha 1964 mabungwe omenyera ufulu wa anthu akuda anachisankha kuti alowe Mississippi ndi mphamvu. Pa anthu akuda 100 aliwonse a msinkhu wovota, osakwana 7 ndiwo anali m'kaundula wa zisankho. Wofuna kulembetsa ankalipira msonkho wa voti, kenako mlembi wachizungu ankamutsegulira ndime iliyonse ya malamulo aakulu a Mississippi kuti aitanthauzire, ndipo wonena kuti wakhoza kapena walakwa anali mlembi yemweyo. Dzina la wolembetsa linkatulukanso mu nyuzipepala, kuti bwana wake wa kumunda wa thonje aliwerenge. Ophunzira mazanamazana a m'makoleji a kumpoto, ambiri mwa iwo azungu, anadzipereka kudzathandiza kalembera ndi kutsegula timasukulu tophunzitsa za ufulu.

Schwerner, wa zaka 24, Myuda wa ku New York, anali kale m'tauni ya Meridian ku Mississippi ndi mkazi wake Rita kuyambira Januwale, akugwira ntchito ya bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la CORE. Chaney, wa zaka 21, anali mwana wakuda wa ku Meridian komweko, wodziwa tinjira tonse ta kumidzi. Awiriwa anagwirizana ndi mpingo wa Mount Zion Methodist ku Longdale, m'dera la Neshoba momwe muli Philadelphia, kuti tchalitchi chawo chikhale imodzi mwa sukulu zija. Pa 16 Juni a Ku Klux Klan, gulu lachiwembu la azungu atsankho, anafika pa tchalitchipo usiku, anamenya akuluampingo amene ankatuluka pa msonkhano, nkuchitentha. Ankasaka Schwerner, amene mtsogoleri wawo Sam Bowers anali atalamula kale kuti aphedwe.

Goodman, wa zaka 20, anafika ku Mississippi pa 20 Juni. Analembera makolo ake khadi lonena kuti wafika bwino, tauni ndi yokongola, nyengo ili bwino ndipo anthu awalandira bwino. Khadilo linadindidwa ku positi pa 21 Juni.

Tsiku limenelo linali Lamlungu. Atatuwa anakwera galimoto yawo ya Ford yabuluu kukaona phulusa la tchalitchi ndi kucheza ndi omenyedwa. Pobwerera masana, wachiwiri kwa mkulu wa apolisi wa Neshoba, Cecil Price, anawaimitsa. Anati Chaney wathamangitsa galimoto, enawo akuwaganizira kuti ndiwo anatentha tchalitchi. Anawatsekera m'chitokosi ku Philadelphia, osawalola foni. M'maola amenewo Killen, mlaliki wa mpingo wa Baptist amenenso anali ndi makina ochekera matabwa, anathamangira ku Meridian kukasonkhanitsa amuna a Klan. Anawauza kuti apeze magolovesi, anawaonetsa poima, ndipo zonse zitakhala m'malo anatsika pa nyumba yokonzera maliro pamene panali thupi la mbale wake, kuti mawa anthu adzachitire umboni kuti iye anali pa maliro. Cha m'ma 10:30 usiku Chaney analipira chindapusa cha madola 20, Price nkuwatsegulira. Anawalondola pa msewu wa Highway 19, kuwagwiranso, nkuwapereka kwa gulu lija pa kamsewu kafumbi ka Rock Cut Road. Onse atatu anawomberedwa pomwepo. Matupi anawakwirira ndi katapila m'khoma ladothi la damu limene linkamangidwa pa famu ya Olen Burrage.

Tamverani tsono mmene akuluakulu a Mississippi anayankhulira. Bwanamkubwa Paul Johnson anati mwina anyamatawo ali ku Cuba. Senata James Eastland anauza Pulezidenti Lyndon Johnson pa foni kuti ndi chiwembu chongofuna kutchuka. Mkulu wa apolisi wa Neshoba, Lawrence Rainey, anati abisala okha. Galimoto ya anyamatawo inapezeka pa 23 Juni itapsa, m'dambo la Bogue Chitto. Matupi anafukulidwa pa 4 Ogasiti, patatha masiku 44, wina atatsina khutu a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma lalikulu la America.

Pa kusaka kumeneko pali nkhani imene anthu amaidumpha, koma kwa ine ndiyo yolemera kuposa zonse. Apolisi ndi asilikali a pamadzi akufufuza m'mitsinje, mu Julayi munapezeka zidutswa za matupi ena awiri m'madzi a Old River. Anali Henry Dee ndi Charles Moore, anyamata akuda a zaka 19, amene a Klan anawagwira pa 2 Meyi pafupi ndi Meadville, kuwakwapula m'nkhalango, nkuwaponya m'madzi amoyo atawamangirira ku zitsulo. Anali atasowa miyezi iwiri yathunthu popanda pulezidenti kuimba foni, popanda msilikali ndi mmodzi yemwe kulowa m'dambo. Atolankhani atamva kuti si matupi a atatu aja, anapakira makamera. Rita Schwerner ananena poyera sabata yoyamba yomwe, mwamuna wake asanapezeke, kuti akanasowa Chaney yekha dziko silikanatekeseka. Mkazi wa zaka 22, ali pakati pa mantha otero, anaona chimene anthu ambiri okamba za 21 Juni safunabe kuona: ngakhale chidwi chimene mlanduwu unalandira chinayezedwa ndi khungu.

Pofika Novembala 1964, awiri mwa amene anali pa Rock Cut Road usiku uja, James Jordan ndi Horace Barnette, anali ataulula kwa a FBI. Anatchula mayina, anafotokoza amene anawombera ndi amene anayendetsa magalimoto. Mu Disembala a FBI anamanga anthu, kuphatikizapo Rainey ndi Price. Apa ndiye pagona nkhani. Ku America mlandu wakupha umazengedwa ndi boma la chigawo, osati boma lalikulu la ku Washington. Mississippi ndiyo inali ndi mphamvu yotengera anthuwa ku khothi pa mlandu wakupha. Sinatero mu 1964, sinatero mu 1965, sinatero mpaka 2005. Umboni unalipo, mboni zinali zamoyo, zinthu zikadali m'mutu mwawo.

Tisaganize kuti boma limeneli linangokhala chete chifukwa cha ulesi. Linali ndi nthambi yake ya ukazitape, Mississippi State Sovereignty Commission, yokhazikitsidwa mu 1956 ndi kuyendetsedwa ndi ndalama za misonkho, ntchito yake kulonda aliyense wotsutsa tsankho. Schwerner ndi mkazi wake anali m'mafayilo ake miyezi ingapo asanaphedwe. Mafayilowo anatsegulidwa kwa anthu mu 1998, khothi litalamula.

Kuti muone mmene akuphawo ankadzimvera, taonani 21 Juni wa 1966. Martin Luther King anapatuka pa ulendo wa ndawala umene womenyera ufulu James Meredith anauyambitsa, ena nkuupitiriza iye ataomberedwa, nabwera ku Philadelphia kudzakumbukira anyamata atatu aja. Chigulu cha azungu chinawazinga, kuwagenda ndi mabotolo, kuwaponyera makombola, apolisi akungoyang'ana. Pa bwalo la khothi, amene anawatchinga kuti asakwere masitepe anali Cecil Price yemwe uja, mu yunifolomu, mfuti m'chiuno, akadali pa ntchito. A King ananena kuti akukhulupirira kuti akuphawo ali pafupi nawo nthawi imeneyo, ndipo kumbuyo kwawo kunamveka mawu owavomereza kuti alidi pomwepo. Pambuyo pake anati Philadelphia ndi tauni yoopsa kuposa ina iliyonse imene anaiona. Munthu amene anali ataona nkhanza za apolisi kwa ochita ndawala ku Birmingham ndi Selma.

Boma la ku Washington linachita zimene likanatha. Linafukula lamulo lakale la 1870 lokhudza kupangana kuphwanya ufulu wa nzika, limene chilango chake sichinkaposa zaka 10. Jaji Harold Cox, wodziwika ndi tsankho lake, poyamba anataya milandu yambiri, mpaka khothi lalikulu la dziko lonse, la Supreme, linaibwezeretsa mu 1966. Mlandu unazengedwa ku Meridian mu Okutobala 1967, oimbidwa mlandu ali 18, oweruza onse azungu. Anthu 7 anapezeka olakwa, mwa iwo Price, Bowers ndi Alton Wayne Roberts amene anawombera. Analamulidwa zaka za pakati pa 3 ndi 10, ndipo palibe anakhala m'ndende zoposa zaka 6. Rainey ndi Burrage anamasulidwa. Pa Killen oweruza 11 anati ndi wolakwa, koma mayi mmodzi anakana, nati sangamange mlaliki. Killen anabwerera ku matabwa ake ndi ku guwa, kulalika, kumangitsa maukwati, kuika maliro, kwa zaka 38.

M'zaka zimenezo Philadelphia inaphunzira kusalankhula. Florence Mars, mzungu wobadwira komweko amene anathandiza a FBI, anamusala mpaka bizinesi yake ya ng'ombe inagwa. Mayi Fannie Lee Chaney, amayi ake a James, anachotsedwa ntchito, nyumba yawo inaomberedwa, nasamukira ku New York. Mu Ogasiti 1980 Ronald Reagan, akuchita kampeni ya upulezidenti, anayankhula pa chionetsero cha Neshoba County Fair, makilomita ochepa kuchokera pa damu lija, nanena kuti amakhulupirira ufulu wa zigawo wodzilamulira. Omuikira kumbuyo amati ankanena za chuma ndi misonkho. Kaya. Koma ufulu umenewo ndi womwe Mississippi inagwiritsa ntchito pokana kuzenga mlandu wakupha, ndipo mayina atatu aja sanawatchule.

Woyamba waudindo kuswa chetechete ameneyu anali Dick Molpus, mlembi wamkulu wa boma la Mississippi, mwana wa ku Philadelphia. Pa mwambo wokumbukira kuti patha zaka 25, pa 21 Juni 1989, anaimirira pa Mount Zion napepesa kwa mabanja atatuwo. Anali mawu ochepa chabe, koma anawalipira. Ataimira ubwanamkubwa mu 1995, mnzake wopikisana naye Kirk Fordice anauza khamu pa chionetsero cha Neshoba chomwe chija kuti Mississippi isamayendetsedwe ndi kupepesa za zaka 30 zapitazo. Khamulo linaomba m'manja, ndipo a Molpus anagonja pa chisankho. Ndikaona zimenezi ndimalephera kumvetsa amene amati nthawi inachiritsa Mississippi. Patapita zaka 31, kupepesa kokha kunali kukadali chida chomenyera munthu pa kampeni.

Nanga 2005 inabwera bwanji? Sinachokere mu ofesi ya boma. Mtolankhani Jerry Mitchell wa nyuzipepala ya Clarion-Ledger ku Jackson, amene anathandizanso kuti wopha Medgar Evers, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, amangidwe mu 1994, anapeza zimene Bowers ananena mwachinsinsi kwa osunga mbiri: kuti anakondwa kumangidwa iye pamene amene anakonza zonse anatuluka m'khothi ali mfulu. Ankanena Killen. Ophunzira atatu a sekondale ku Illinois ndi mphunzitsi wawo anafufuzanso nkhaniyi mpaka kuyankhula ndi Killen pa foni. Kenako mu 2004 anthu a ku Philadelphia enieniwo, akuda, azungu ndi Amwenye a ku America a mtundu wa Choctaw, anapanga gulu la Philadelphia Coalition, naitana atolankhani nkupempha poyera kuti mlandu uzengedwe. Boma linabwera pambuyo pa onsewa. Killen anamangidwa mu Januwale 2005.

Apa amene akutsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka. Adzati: mayi Fannie Lee Chaney, a zaka 82, anakhala pa mpando wa mboni nafotokoza za tsiku lomaliza limene anaona mwana wawo. Mayi Carolyn Goodman, amayi ake a Andrew, a zaka 89, anawerenga khadi lija pamaso pa oweruza. Onse awiri anamwalira mu 2007, ataona ndi maso awo munthu akutuluka m'khothi la Neshoba kupita kundende chifukwa cha ana awo. Oweruzawo anali anthu a m'dera lomwelo, azungu 9 ndi akuda 3. Jaji Marcus Gordon, amene anakulira kufupi ndi kwa Killen, anamupatsa zaka 20 pa moyo uliwonse, zonse pamodzi 60, nanena kuti miyoyo itatuyo ndi yofanana mtengo. Patapita zaka 4 Philadelphia inasankha meya wake woyamba wakuda, James Young. Kodi zonsezi nzachabe?

Si zachabe, ndipo ndikanakhala mmodzi mwa amayi awiri aja sindikanalola wolemba ndemanga aliyense kundilanda tsiku limenelo. Koma tiyeni tione chimene khothi linapereka. Killen sanapezeke wolakwa pa mlandu wopha mwadala. Anapezeka wolakwa pa mlandu wocheperapo, wopha munthu osakonzekera. Munthu amene anasonkhanitsa amuna, kuwauza za magolovesi ndi kudzikonzera pobisala pa maliro, khothi nkuti silinakhutire kuti anali ndi cholinga chopha! Oweruza ena anafotokoza pambuyo pake kuti umboni wa cholinga unali wofooka, ndipo sindiwanena. Mboni zazikulu za 1967 zinali kumanda. Zimene zinanena kale zinkangowerengedwa m'mapepala, mawu a akufa akutuluka pakamwa pa anthu ena, popanda woti amufunse mafunso kapena kumuyang'ana m'maso. Price, amene anali atayamba kuuza ofufuza zimene ankadziwa, anafa mu 2001 atagwa kuchokera pa makina onyamulira anthu m'mwamba. Choncho kufooka kwa chigamulo kunabadwa kuchokera ku kuchedwa kuja. Boma limene linachedwetsa mlandu ndi lomwe linadzadandaula kuti umboni watha.

M'khothi lomwelo, mu 2005 yomweyo, meya wakale wa Philadelphia, Harlan Majure, anabwera kudzachitira Killen umboni wa khalidwe labwino, nauza oweruza kuti Ku Klux Klan linali bungwe lamtendere limene linachitanso zabwino zambiri. Killen naye anali asanathe masewera. Atatha pafupifupi miyezi iwiri m'ndende anapempha belo podikira apilo, akuti sangathe kuyenda ndipo dzanja lamanja silikugwira. Anamulola. Pasanapite nthawi apolisi anamuona akuyendetsa galimoto ndi kuimirira bwinobwino pa malo omwetsera mafuta, ndipo jaji anamubweza.

Chinanso nchakuti amuna amene anali pa Rock Cut Road ndi pa damu anali ambiri, ndipo angapo anali akadali moyo mu 2005. Boma linapereka mayina ena kwa gulu loona ngati pali mlandu, koma gululo linavomereza dzina limodzi lokha. Nkhalamba imodzi inasenza mlandu wa gulu lonse, tauni nkupuma. Ndiye vuto langa ndi nkhani ya masiku ogwirizana ija. Imapatsa anthu mwayi wotseka buku pa dzina la Killen, pamene mlandu unali wa apolisi amene anagwira anyamatawo, wa oimira boma pa milandu amene anakana kusuma, wa nthambi ya ukazitape imene inkadya misonkho ya anthu akuda omwewo, ndi wa abwanamkubwa onse amene analowa ndi kutuluka mu ofesi mafayilo ali m'kabati. Mwa onsewa palibe amene anayankhapo m'khothi la Mississippi.

Ndipo Dee ndi Moore aja? Awiri amene anaganiziridwa kuti anawapha anamangidwa mu Novembala 1964, mlandu nkuthetsedwa mu Januwale 1965. Mchimwene wake wa Moore, Thomas, msilikali wopuma, ndiye anabwerera ku Mississippi mu 2005 pamodzi ndi wojambula wa ku Canada, nakapeza James Ford Seale ali moyo, pamene abale ake anali atauza atolankhani kuti anafa kalekale. Seale anapezeka wolakwa mu Juni 2007, ndipo anamuzenga ndi khothi la boma la ku Washington, osati la Mississippi. Apanso amene anafukula mlandu ndi wachibale wotopa ndi kudikira.

Pa 20 Juni 2016, kutatsala tsiku limodzi kuti zikwane zaka 52, loya wamkulu wa boma la Mississippi, Jim Hood, yemwe anazenga Killen, analengeza kuti fayilo ya Chaney, Goodman ndi Schwerner yatsekedwa. Anati mboni zafa, otsala aiwala kapena safuna kulankhula, ndipo palibenso amene angamangidwe. Sankanama. Billy Wayne Posey, amene anayendetsa imodzi mwa magalimoto usiku uja, anali atamwalira mu 2009 osazengedwapo mlandu wakupha. Burrage, mwini famu ya damu, anamwalira mu 2013 ali mfulu. Killen anafera kundende ya Parchman mu Januwale 2018, ali ndi zaka 92, atakhala m'ndende zaka 12 ndi miyezi ingapo pa zaka 60 zija, ndipo sanavomereze mlandu pamaso pa khothi lililonse.